Roketi yotera choimirira: kodi ndi zoona, nanga phindu lake n'chiyani?

Mayi wina wa ku Zomba wafunsa motere: "Mwana wanga wa Fomu 3 watengeka kwambiri ndi maroketi, moti amadzuka usiku n'kumaonera pa foni mpaka bandulo kutha. Tsiku lina anandionetsa vidiyo ya roketi ikutsika kuchokera kumwamba, moto uli lawilawi kunsi kwake, mpaka inatera choimirira pa miyendo. Ine ndinamuuza kuti anthu angobweza chammbuyo vidiyo ya roketi yonyamuka. Kodi zimenezi zimachitikadi? Ngati n'zoona, bwanji osangoimangirira palachuti, nanga kuvutika konseku phindu lake n'chiyani?"

Mayi, mwana wanu sanakunamizeni, komabe kukayikira kwanuko si kwachilendo, chifukwa ngakhale anthu amene anakalambira pa ntchito yopanga maroketi ankakayika chimodzimodzi asanazione ndi maso awo. Njira yachidule yotsimikizira ndiyo kuonera vidiyo ya ponyamuka ndi ya potera motsatizana. Roketi ya Falcon 9 ya kampani ya SpaceX, yomwe ndiyo imaoneka kawirikawiri m'mavidiyo oterewa, imanyamuka ili yathunthu, yotalika mamita 70, yosongoka kumutu, miyendo yake itapindidwa n'kumamatira m'mbali, ndipo mainjini onse 9 amakhala akuyaka. Chimene chimabwerako ndi gawo lam'munsi lokha, lomwe eni ake amalitcha booster, lopanda mutu, lakuda ndi mwaye ngati mphika wa pamafuwa, injini imodzi yokha ikuyaka, ndipo miyendo yake inayi imatambasuka patangotsala masekondi owerengeka kuti ligunde pansi. Yang'ananinso fumbi ndi utsi: vidiyo ikakhala yobwezedwa chammbuyo, fumbi limathamangira ku roketi, pamene m'vidiyo yeniyeni limathawa.

Kuti chidwi cha anthu pa nkhaniyi chimveke, m'pofunika kudziwa kaye chimene chimavuta potumiza chinthu m'mlengalenga. Ambiri amaganiza kuti vuto ndi kutalika, koma kutalikako n'kochepa, popeza munthu akakwera makilomita 100 okha amawerengedwa kuti wafika kale m'mlengalenga, ndipo mtunda umenewu sukwana n'komwe ulendo wochoka ku Lilongwe kukafika ku Kasungu. Chovuta ndi liwiro. Kuti setilaiti izizungulira dziko osagwa, imayenera kuthamanga chammbali pafupifupi makilomita 28,000 pa ola, kapena titi makilomita pafupifupi 8 pa sekondi imodzi. Kunena zoona, setilaiti imakhala ikugwa nthawi zonse, koma poti dziko ndi lobulungira, nthaka imapindikira pansi pake pa mlingo womwewo umene iyo ikugwera, choncho siifika pansi.

Liwiro lotereli limafuna mafuta ochuluka koopsa, ndipo roketi imanyamula mafuta ake onse kuyambira pansi, pamodzi ndi mpweya wa okosijeni wowayatsira, chifukwa kumwambako kulibe mpweya. Ili ngati munthu wapaulendo wodutsa m'chipululu amene ayenera kusenza kamba wake yense pamutu: akawonjezera kamba kuti afike patali, katundu amalemera, ndipo kulemerako kumafunanso kamba wina. Mphunzitsi wa ku Russia, Konstantin Tsiolkovsky, anafalitsa masamu a vuto limeneli mu 1903, ndipo masamuwo sanasinthe mpaka lero. Falcon 9 ikadzazidwa imalemera matani pafupifupi 550, ndipo magawo oposa 9 mwa magawo 10 a kulemeraku ndi palafini woyengedwa bwino ndi okosijeni woziziritsidwa mpaka kukhala wamadzimadzi. Katundu amene ingafikitse kumwamba, ikawotcha mafuta onse, ndi matani 22.8 basi. N'chifukwa chake maroketi amapangidwa m'magawo, kuti thanki ikatha mafuta itayidwe, ulendo upitirire mopepuka. Kuyambira pa Sputnik, setilaiti yoyamba, mu 1957, kutaya kumeneku kunali khalidwe la ntchitoyi, moti roketi ya Saturn V, yotalika mamita 110, imene inapititsa anthu ku mwezi mu 1969, inabweza kachipinda kakang'ono ka anthu atatu kokha. Anthu amenewa sanali owononga mwadala: kilogalamu iliyonse ya miyendo, kapena ya mafuta osungira ulendo wobwerera, imalanda malo a katundu amene mwini wake walipira.

Koma taonani kumene ndalama zimalowa. Mtengo wotumizira katundu pa Falcon 9 umaposa madola 60 miliyoni a ku America, pamene mafuta onse a ulendowo sakwana n'komwe madola 1 miliyoni. Chodula ndi mainjini, matanki ndi zipangizo zoyendetsera, ndipo zambiri mwa zimenezi zili m'gawo lam'munsi lija. Kulitaya kuli ngati kugula basi yatsopano, kunyamula anthu ulendo umodzi wochoka ku Blantyre kupita ku Mzuzu, kenako n'kukaiponya m'nyanja, mawa n'kugulanso ina.

Maganizo anu a palachuti ndi anzeru, ndipo ndi amene akatswiri anayambira. Chombo cha Space Shuttle cha NASA, bungwe la boma la America loona za m'mlengalenga, chimene chinauluka maulendo 135 kuyambira mu 1981 mpaka mu 2011, chinali ndi maroketi awiri am'mbali amene ankatsika ndi mapalachuti n'kugwera m'nyanja, sitima n'kukawakoka. Amenewa anali mapaipi achitsulo okhuthala a mafuta ouma, opanda mapampu, komabe kuwaphwasula, kuwatsuka madzi amchere ndi kuwamanganso kunkadya ndalama zambiri moti phindu lake linali lochepa. Injini ya mafuta amadzimadzi ndi yosakhwima kuposa pamenepo, chifukwa ili ndi mapampu ozungulira mothamanga kwambiri, ndipo ikamira m'madzi amchere ili yotentha, ntchito yoikonza imakula. Kuwonjezera apo, palachuti imapita kumene mphepo yafuna, ndipo siichotsa liwiro lonse. A SpaceX eni ake anamangirira mapalachuti pa maulendo awiri oyamba a Falcon 9 mu 2010, koma magawowo ankasweka polowanso mumpweya, mapalachuti asanatseguke n'komwe. Apa anaphunzira kuti gawolo liyenera kuchepetsedwa liwiro likadali kumwamba, ndipo chida chokhacho chochitira zimenezo ndi mainjini amene lili nawo kale. Pa roketi yaing'ono palachuti imathandiza ndithu: mu Meyi 2022 kampani ya Rocket Lab ku New Zealand inakola gawo la roketi yake ya Electron ndi helikopita likutsika pa palachuti, ngakhale kuti woyendetsa analisiya posakhalitsa ataona kuti katunduyo sakuyenda bwino.

Tiyeni tiutsatire ulendo umodzi, popeza apa m'pamene pagona chidwi cha mwana wanu. Roketi ikanyamuka ku Cape Canaveral, m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic ku Florida, imalunjika kumwamba kwa kanthawi, kenako imayamba kupendekera chakunyanja kuti ipeze liwiro la chammbali lija. Pakatha mphindi pafupifupi ziwiri ndi theka, ili pamwamba makilomita oposa 60, mainjini 9 aja amazima ndipo magawo awiriwo amalekana. Gawo lapamwamba limayatsa injini yake imodzi n'kupitiriza ulendo ndi katundu. Gawo lam'munsi limapitirirabe kukwera ndi liwiro limene linali nalo mpaka kudutsa makilomita 100, ndipo kumeneko timabowo ta m'mbali mwake timapemerera mpweya wa nayitirojeni, umene pa vidiyo umaoneka ngati tiutsi toyera, kuti litembenuke mainjini atsogole. Ngati katundu anali wopepuka ndipo mafuta atsala okwanira, limayatsanso mainjini n'kubwerera kumtunda pafupi ndi pamene linanyamukira. Ngati katundu anali wolemera, limangotsata kumene likupita, n'kukatera pa chombo chafulati, chachikulu ngati bwalo la mpira, chimene chimadikira panyanja popanda munthu, kawirikawiri pa mtunda wa makilomita 600 kapena kuposerapo, utali wopitirira pang'ono nyanja yathu ya Malawi kuchokera kumpoto kufika kumwera.

Likamatsikira kumene mpweya wayamba kukhuthala, limayatsa mainjini atatu kwa masekondi angapo kuti lichepetse liwiro lisanapse kapena kusweka, ndipo podutsa m'utsi wake womwe wa palafini m'pamene limadera mwaye uja. Chakumutu kwake kuli zipsepse zinayi za chitsulo cha titaniyamu, zobowokabowoka ngati sefa, zimene zimatembenuka uku ndi uku kuliwongolera pa njira. Nthawi imeneyi limakhala likuthamanga kuposa liwiro la phokoso, choncho anthu oonerera ku Florida amaliona likutera mwakachetechete, kenako n'kudzidzimuka ndi kuphulika kotsatizana ngati mabingu, monga mmene timaonera mphezi kaye bingu n'kumveka pambuyo.

Masekondi omaliza ndiwo ovuta kuposa onse, ndipo chifukwa chake n'chodabwitsa. Matanki akakhala pafupi kuuma, gawoli limapepuka kwambiri, moti injini imodzi yokha, ngakhale itachepetsedwa mphamvu mpaka pomalizira, imakankhabe kuposa kulemera kwa gawolo. Zotsatira zake n'zakuti silingaime m'malere n'kumafunafuna potera ngati helikopita. Liyenera kuyatsa injini pa nthawi yeniyeni yoti liwiro lithere pomwe miyendo ikukhudza pansi. Ikayaka msanga, gawolo limaima likadali m'mwamba n'kuyambanso kukwera mafuta akutha, ndipo ikachedwa, limamenyetseka. Tayerekezani wakabaza akutsika chitunda, mabuleki ake ali oti akangowagwira sangawachepetsenso, koma ayenera kuima ndendende pa khomo la nyumba. Pa nthawi yomweyo injiniyo imapendekera uku ndi uku kuti gawo lalitalilo lisagwe, monga mwana amasunthira dzanja akaimika ndodo pachikhatho. Palibe munthu amene amaliyendetsa, chifukwa dzanja la munthu lingachedwe: kompyuta ya m'katimo imawerengera malo ndi liwiro kambirimbiri pa sekondi iliyonse mothandizidwa ndi GPS. Palinso chenjezo limodzi limene ine ndimalilemekeza kwambiri. Pobwerera kumtunda, gawoli limalunjika m'madzi dala, ndipo limakhotera pa bwalo loterapo pokhapokha zonse zikamayenda bwino. Mu Disembala 2018 pampu ya zipsepse zija inafa, gawolo linayamba kuzungulira ngati nguli, ndipo linakagwera m'nyanja pafupi ndi gombe osati pa nyumba za anthu. Kuchokera ponyamuka kufika potera, zonsezi zimatenga mphindi pafupifupi 8 kapena 9.

Luso limeneli silinabwere tsiku limodzi. Roketi yoyesera ya DC-X inanyamuka ndi kutera choimirira ku White Sands, New Mexico, kale mu 1993, koma sinkapita patali. A SpaceX anayeserera ndi roketi yotchedwa Grasshopper ku Texas mu 2012 ndi 2013, imene inakwera mpaka mamita 744. Atayamba kuyesa pa maulendo enieni, anaswa magawo angapo pamaso pa dziko lonse: mu Januwale 2015 mafuta oyendetsera zipsepse anatha ndipo gawolo linamenya chombo chammbali, mu Epulo chaka chomwecho linafika pa chombo koma linapendama n'kuphulika. Pa 23 Novembala 2015 kampani ya Blue Origin ya Jeff Bezos inateretsa roketi yake ya New Shepard itakwera makilomita 100, koma imeneyi imangokwera n'kutsika, siizungulira dziko, choncho liwiro lake ndi lochepa kwambiri. Pa 21 Disembala 2015, kwathu kuno kuli m'bandakucha wa pa 22, gawo la Falcon 9 linatera kumtunda ku Cape Canaveral litathandiza kutumiza masetilaiti 11. Kutera panyanja kunatheka pa 8 Epulo 2016, ndipo pa 6 Febuluwale 2018 magawo awiri am'mbali a roketi ya Falcon Heavy anatera limodzi moyandikana, pamene lapakati linaphonya chombo n'kugwera m'madzi.

Ine ndimaona kuti tsiku lofunika kuposa onsewa ndi la 30 Malichi 2017, limene anthu ambiri salikumbukira chifukwa silinali ndi chodabwitsa chatsopano pa vidiyo. Patsikuli gawo limene linaulukapo kale linaulukanso, litanyamula setilaiti ya SES-10. Kutera pakokha ndi chionetsero chabe ngati chinthucho chikafika pansi n'kukhala chosagwiranso ntchito, kapena ngati kuchikonza kukudya ndalama zofanana ndi kupanga chatsopano, monga zinkachitikira ndi Space Shuttle. Ndipo kubweza gawoli kuli ndi mtengo wake: mafuta osungidwa aja, miyendo ndi zipsepse zimatsitsa katundu kuchoka pa matani 22.8 kufika pafupifupi matani 17 ndi theka, osawerengera ndalama za zombo, madoko ndi anthu oyendera injini iliyonse. Zonsezi zimabweza ndalama pokhapokha gawo limodzi likauluka maulendo ambiri, ndiponso pakakhala katundu wokwanira woti linyamule. Pa mfundo yoyamba a SpaceX apambana, chifukwa alipo magawo amene aulukapo maulendo oposa 30, ndipo kuyambira mu Epulo 2021 bungwe la NASA limalola anthu ake kukwera pa gawo logwirapo kale ntchito. Pa mfundo yachiwiri, anadzipangira okha katundu, amene ndi masetilaiti a intaneti a Starlink. Mu 2024 maroketi a Falcon ananyamuka maulendo 134, ndipo ambiri mwa maulendowa anali a Starlink. Apa m'pamene nkhaniyi imatikhudzira ife, popeza Starlink inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, chaka chomwechonso ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo mbale zoyera zimene mukuziona pa madenga ena zikulandira uthenga kuchokera ku masetilaiti amene anakwezedwa ndi magawo amwaye omwewa.

Komabe musamve ngati kuti ulendo wa m'mlengalenga watchipa kwa aliyense. Mtengo wolengezedwa wa Falcon 9 unali madola 62 miliyoni mu 2016, ndipo pofika mu 2024 unali utayandikira madola 70 miliyoni. Wogulitsa amene alibe mnzake wopikisana naye pamsika satsitsa mtengo chifukwa choti iye wapeza njira yotchipa, amangosunga phindulo. Mpikisano ukuyamba kumene: mu Novembala 2025 a Blue Origin anateretsa panyanja gawo la roketi yawo yaikulu ya New Glenn pa ulendo wake wachiwiri. Kumbukiraninso kuti gawo lapamwamba la Falcon 9 limatayidwabe pa ulendo uliwonse, chifukwa ilo limafika pa liwiro lonse lija la makilomita 28,000 pa ola, ndipo kutentha kwa pobwerera kumakula mofulumira kuposa liwirolo. Roketi yatsopano ya SpaceX yotchedwa Starship ikupangidwa kuti magawo onse awiri azibwerera, ndipo imagwiritsa ntchito mpweya wa methane, umene susiya mwaye wambiri m'mainjini ngati palafini. Pa 13 Okutobala 2024, kuno kuli cha m'ma 2:30 masana, gawo lake lam'munsi, lotalika mamita 71 ndiponso la mainjini 33, linabwerera ku Boca Chica ku Texas n'kugwidwa m'malere ndi mikono iwiri yachitsulo ya pansanja yomwe linanyamukirapo. Miyendo anaichotseratu kuti kulemera kwake kutsale pansi, pansanja, m'malo mokwera nako kumwamba. Koma ntchitoyi ili ndi zolakwika zake, ndipo mu Januwale 2025 gawo lapamwamba la Starship linaphulika, zidutswa zake n'kugwera cha ku zilumba za Turks and Caicos, ndege zonyamula anthu n'kupatutsidwa pa njira. Akatswiri a nyenyezi nawonso akudandaula kuti masetilaiti zikwizikwi akulemba mizere yowala pa zithunzi zawo, ndipo dandaulo limeneli ine ndimaligwirizana nalo.

Za mwana wanu, Mayi, ine sindingamuletse, koma ndingamuthandize kuonera mwanzeru. Amadzuka usiku chifukwa nthawi ya ku Florida imatsalira ndi maola 6 kapena 7 poyerekeza ndi yathu, malinga ndi nyengo, ndiponso chifukwa ola lonyamukira silisankhidwa mongofuna, limadalira njira imene katunduyo akupita. Roketi yopita ku siteshoni ya m'mlengalenga ya ISS imakhala ndi kamphindi kamodzi kokha koyenera patsiku, ndipo kukachita mitambo yoipa kapena chipangizo china chikaonetsa chokayikitsa, ulendo umalephereka mpaka tsiku lina. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kumeneku sikufuna kuti bandulo izipita pachabe. Ayang'ane kaye nthawi yonyamukira, alumikize patatsala mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo pakatha mphindi 10 chiyambire ulendo zonse zofunika zimakhala zachitika. Masiku a sukulu angathe kuonera m'mawa mwake, popeza vidiyoyo siichoka.

Chimene ndingamupemphe ndicho kutenga kope ndi pensulo. M'munsi mwa vidiyo mumaoneka manambala a liwiro ndi a kutalika kwa gawo lililonse, ndipo akamawalemba masekondi 10 alionse n'kujambula girafu, adzaona yekha zinthu zimene amaphunzira mu Fizikisi: kuti liwiro limakwera mofulumira kwambiri chakumapeto pamene roketi yapepuka, kuti mainjini amachepetsedwa mphamvu kwa kanthawi chakumapeto kwa mphindi yoyamba, pamene mpweya ukukanikiza roketi kwambiri, nthawi imene owulutsa amati Max Q, ndiponso kuti pobwerera mpweya wokha umachotsa liwiro lambiri injini yomaliza isanayake. Akafuna kuona ndi maso osati pa foni, atuluke panja dzuwa litangolowa kapena lisanatuluke, kumwamba kuli kopanda mitambo. Siteshoni ya ISS, yomwe imazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 90 ili pamwamba makilomita pafupifupi 400, imadutsa masiku ena pamwamba pa Zomba ngati nyenyezi yowala kwambiri yoyenda mosaphethira, ndipo patangopita masiku ochepa roketi ya Starlink itanyamuka, nthawi zina masetilaiti ake atsopano amaoneka atandondozana pamzere umodzi ngati mikanda pa ulusi, asanabalalike kupita aliyense pa malo ake.